Galu Wosadziwa Mwala

Ndisananene kanthu, ndiyambe ndathokoza Mulungu, amene amandidzutsabe m'mawa uliwonse ngakhale akudziwa bwino zimene manja angawa anachita. Ndikumuthokozanso chifukwa cha amuna anga, munthu wosachuluka mawu, ndiponso chifukwa cha mwana wathu wamkazi, amene wandilola kulemba nkhaniyi. Akanakana, ikanathera m'nyumba mwathu momwemo.

Galu anabwera pakhomo pathu mwanayo ali ndi zaka khumi ndi zisanu. Mwanayo anali atamupempha kwa zaka ziwiri, bambo ake akukana. Iwo ankati galu ndi wa panja, ndipo panja pathu, kuseri kwa nyumba yopanikizana ndi zinzake kufupi ndi Stratford Road ku Sparkhill, mpongokwana chingwe choyanikapo zovala ndi mabini awiri a zinyalala. Koma chaka chimenecho mwanayo anasintha sukulu, n'kuyamba kukhala duu m'chipinda mwake. Bambo ake anafewa mtima. Anangoika malamulo: galu asakwere m'mwamba kumene timagona, asakhale pa sofa, ndipo iwo sadzamugwira. Pomaliza anawonjeza moseka kuti tsiku limene adzawanyambite, adzamuonetsa. Tonse tinaseka.

Galuyo ali wamng'ono sankavuta. Kanali kagalu kofiirira, ka makutu ogwa, kogona paliponse. Atakwana miyezi isanu ndi itatu anasintha ngati wamwa kanthu. Belu la pakhomo likalira, ankauwa ndi kuzungulira m'khonde la mkati mpaka kugwetsa nsapato zonse pa shelefu. Mlendo akalowa, ankamudumphira pachifuwa. Pamsewu ankakoka chingwe mpaka kutsokomola. Sankaluma, ndipo analibe nkhanza ngakhale pang'ono. Chimwemwe chake ndicho chinalibe malire.

Loweruka lililonse m'mawa bambo ake ankamutenga mwanayo pa galimoto kupita naye ku holo ina kumene mayi wina wachizungu, wa imvi, ankaphunzitsa agalu pamodzi ndi eni ake. Ine ndinapitako kawiri. Mayiyo anatiuza kuti msinkhu umenewu ndiwo unyamata wa galu: thupi lakula koma mutu sunakhwime, ndipo zimatha ngati anthu aleza mtima. Njira yake inali yakuti galu akakudumphira, umufulatire ndi kupinda manja, osamuyang'ana, osamukalipira. Miyendo yonse inayi ikangotera pansi, umupatse kachidutswa ka soseji. Ndinagwedeza mutu ngati ndavomera, koma mumtima ndinkaseka. Galu alandire soseji chifukwa wasiya kulakwa? Mwana wathu sanaseke. Ankadula masosejiwo tizidutswa ting'onoting'ono, n'kumayenda nato m'thumba la jekete, ndipo tsiku lililonse akaweruka kusukulu ankaima naye pakhomo, kuliza belu yekha, kudikira, kuyambiranso. Zinkayenda, koma pang'onopang'ono ngati nkhono.

Tili ndi mapemphero a amayi amene timasinthana makomo kamodzi pamwezi. Mwezi umenewo inali nthawi yanga. Anabwera amayi asanu ndi awiri, ena a konkuno ku Birmingham, ena ochokera kutali. Pakati pawo panali mayi wina wa ku Zambia amene anali atangofika kumene kudzagwira ntchito yosamalira okalamba ku Hanley, ndipo anachita kukwera sitima kuti adzapemphere nafe. Anavala bulauzi yoyera mbee. Galu ndinali nditamutsekera kukhitchini, atangochokera panja kumene kunali matope. Wina anatsegula chitseko pofuna madzi akumwa, ndipo galuyo anatulukira m'chipinda chochezera ngati mphepo, n'kukatsamira ndi miyendo iwiri pa bulauzi ija.

Chimene chinachitika kenako ndi chimene aliyense wokulira kwathu angachite osaganiza n'komwe. Kwathu ukakumana ndi galu panjira, umangowerama ngati ukutola mwala. Ngakhale pansi pakhale popanda mwala, galu amatembenuka n'kuthawa. Tsono amayi anayi, ine ndemwe, tinawerama nthawi imodzi kutola miyala pa kapeti. Galuyo ataona manja anayi akutola kanthu pansi, anaganiza kuti ndi mpira. Anapenga ndi chisangalalo. Anathamangira kuchitseko kukadikira kuti tiponye, n'kubwerera, n'kuyang'ana dzanja ili ndi ilo, mchira ukugwetsa makapu a tiyi.

Amayi anaseka mpaka misozi. Mayi wa ku Zambia uja, akupukuta matope ndi mpango, analoza galuyo n'kunena m'kalankhulidwe ka kwawo, "Imbwa iyi ni ya kuno zoona, amayi. Siidziwa mwala."

Mayi wina wamkulu wa ku Thyolo, amene satha kusunga mawu m'kamwa, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake. "Mayi a nyumba, mwana munalera bwino, sitikana. Koma mdzukulu wanuyu, mwambo wamupita pambali."

Ndinaseka nawo. Tinapemphera, tinaimba, tinadya. Koma manyazi sanandichoke. Ine ndi munthu amene anthu amati nyumba yanga ndi ya dongosolo, ndipo ndinkakonda kumva zimenezo koposa mmene ndinkadziwira. Mawu a mayi wa ku Zambia aja ndinawatenga n'kumayenda nawo. Ndili pa basi yopita ku Edgbaston, kumene ndimagwira ntchito ya unamwino, ndinkawalingalira. Galu wa kwathu amathawa dzanja lopanda kanthu chifukwa tsiku lina, kamodzi kokha, m'dzanjamo munali mwala weniweni. Wathuyu sanaphunzire chifukwa panalibe womuphunzitsa.

Linali Lachiwiri, cha m'ma leveni koloko m'mawa, tsiku langa lopuma. Amuna anga anali ku shifti, mwana ali kusukulu. Ndinayanika zovala kuseri kwa nyumba, galuyo akudumphira mikono ya yunifomu yanga pa chingwe. Ndikanakonda kulemba kuti ndinapsa mtima. Sindinapse mtima. Ndinayang'ana m'mbali mwa mpanda, ndinaona mwala waukulu ngati dzira la nkhuku, ndipo ndinadikira mpaka galuyo atandiyang'ana. Ndinawerama pang'onopang'ono kuti aone bwino chimene ndikuchita. Anabwerera m'mbuyo pang'ono, mchira ukugwedezeka, kukamwa kuli yasa, kudikira mpira wake. Ndinaponya. Unamugunda m'nthiti.

Analira kamodzi, kulira kosongoka, n'kuthawira kuseri kwa mabini. Ali kumeneko anandisuzumira. Sanamvetse. Ine ndinatola chovala chimene chinagwa, ndinachikung'untha, ndipo ndinadziuza kuti m'mera mpoyamba. Ndinadzikumbutsanso kuti ngakhale Mawu a Mulungu amalankhula za kulanga amene umamukonda. Tchimo limenelo limandiopsa kuposa mwala: ndinatenga Mawu oyera kukaphimbira chinthu chimene ndinachitira ulemu wanga, osati chikondi. Masana ndinamupapasa nthiti zake, ndinaona kuti sanathyoke paliponse, ndipo ndinamupatsa chakudya chochuluka kuposa masiku onse.

Ndipo njirayo inagwira ntchito. Kuyambira tsiku limenelo sindinkafunikanso kuwerama mpaka pansi. Belu likalira, ndinkangotsitsa phewa limodzi pang'ono, galuyo n'kukhala chete pakona, makutu atawapinda. Alendo anayamba kumuyamikira. Mwana wathu ankaganiza kuti ndi masoseji ake aja, ndipo anasangalala kwambiri moti anandikumbatira kukhitchini n'kunena kuti ndaona, kuleza mtima kumapindula. Ndinati inde, mwanawe.

Ndili ndi chizolowezi chogwada pa sofa m'mawa ndisanapite ku ntchito. Poyamba galuyo ankabwera n'kuika chibwano chake pa akatumba anga, ine n'kumamukankha ndi phazi pemphero lili mkati. Patapita masiku anayi chiponyereni mwala, ndinalowa m'chipinda chochezera, iye ali gone pa kapeti. Nditangopinda bondo kuti ndigwade, anadzambatuka n'kuthawira kukhitchini, kunsi kwa tebulo. Nditapita kukamuona ndinapeza wakodza pansi, akunjenjemera. Ndinakolopa msangamsanga ena asanatsike. Pemphero la tsiku limenelo sindinalimalize.

Mantha sasankha munthu. Posapita nthawi anayamba kuthawa aliyense wowerama. Mwana wathu akawerama kumanga zingwe za nsapato, galuyo ankabisala. Akawerama kutola mpira wake womwe, ankabwerera chafutambuyo. Loweruka lotsatira, ku holo kuja, mayi wophunzitsa anaona zimenezi, ndipo anamutengera mwanayo pambali. Anamufunsa mofatsa ngati kunyumba kunachitika kanthu, chifukwa galu saopa kuwerama popanda chifukwa. Nthawi zambiri, anatero, zimatanthauza kuti wina anamugenda.

Mwanayo ndi bambo ake anabwerera kunyumba pa galimoto. Atalowa m'nyumba, bambo ake ali pampando akuvula nsapato, anaima patsogolo pawo. Amamva Chichewa bwinobwino, koma amayankha m'Chingerezi monga ana onse a kuno, ndipo tsiku limenelo Chingerezi chake chinali chakuthwa. Ananena kuti akudziwa kuti ndi iwo amene anamugenda galuyo. Anawakumbutsa kuti sanamufune galuyo chiyambire, ndiponso kuti ananena ndi pakamwa pawo kuti adzamuonetsa.

Bambo ake anamuyang'ana nthawi yaitali, nsapato imodzi ili m'manja. "Mwana wanga, galu wakoyo sindinamukhudze."

Anapitiriza kuvula nsapato inayo. Ine ndinali pakhomo la khitchini, mpeni wodulira anyezi uli m'manja. Panali mpata wokwanira bwino kuti ndilankhule. Ndinaumva mpatawo ukutseguka, ndinaumvanso ukutsekeka. Ndinabwerera ku anyezi anga.

Masabata atatu anadutsa. Mwanayo anasiya kudya pa tebulo bambo ake akakhalapo. Ku holo anayamba kupita pa basi, galu ali pamiyendo, m'malo mokwera galimoto yawo. Kutchalitchi ankakhala benchi ina. Akawapatsa moni, unali moni wopatsa munthu wokumana naye pa siteji ya basi. Bambo akewo ndi amene anamuphunzitsa kupalasa njinga m'paki, ndi amene ankamudikira pageti la sukulu mvula ikugwa. Ndinkawaona atakhala okha Loweruka m'mawa, makiyi a galimoto ali pa tebulo, atavala kale jekete mwachizolowezi, kenako n'kuivula.

Ine ndinkaimbabe m'kwaya. Ku wodi ndinkagwirabe manja a odwala amantha n'kumawauza kuti asaope. Koma m'nyumba mwanga ndinasiya kugwada. Ndinkapemphera nditakhala pa basi, maso ali pawindo, ndipo amuna anga atandifunsa ndinati maondo akundipweteka. Tsiku lililonse ndinkati ndinena mawa. Ndinkadziuza kuti mwanayo aiwala, kuti galuyo achira, kuti bambo ndi mwana wake sangadane mpaka kale. Ndinkadziuzanso kuti mtsikana wa msinkhu umenewu amafunika kukhulupirira mayi ake koposa bambo ake, choncho kukhala chete kwanga n'komuthandiza iyeyo. Mtima wa munthu ukafuna kubisala, susowa masamba odziphimba nawo.

Lachisanu lina madzulo, nditangofika kuchokera ku ntchito, ndinamumva akulankhula pa foni m'khonde la mkati. Sanadziwe kuti ndalowa. Ankalankhula ndi mayi wophunzitsa uja. Ankafunsa ngati akudziwa banja labwino limene lingamutenge galuyo, chifukwa kwathu sali pabwino, ndipo iye sangamuteteze nthawi imene ali kusukulu. Mawu ake sankanjenjemera. Anali atalira kale kwina n'kumaliza. Anagwirizana kuti akambirana bwino mawa lake akakumana ku holo.

Ndinaima pakhomo ndi chikwama changa paphewa. Mwanayu anali wokonzeka kutaya chinthu chimene ankachikonda koposa kuti achipulumutse kwa munthu wosalakwa. Akanatero, sakanawakhululukira bambo ake mpaka kukula. Ndipo ine, amene ndinaponya mwala, ndikanakhala womutonthoza.

M'mawa mwake ndinawaitana onse awiri pa tebulo la kukhitchini mwanayo asananyamuke. Anabwera atavala kale jekete, chingwe cha galu chili m'manja, ndipo anakana kukhala pansi. Ndinalankhula m'Chichewa, chifukwa m'Chingerezi ndikanapeza mawu ofewetsa. Ndinanena tsiku lake, malo ake, kukula kwa mwalawo. Ndinanena kuti bambo ake sanadziwe kanthu, ndipo kuti ndinamva pamene ankawaimba mlandu koma ndinasankha kukhala chete.

Poyamba sanamvetse. Za kuwerama ngati ukutola mwala anali asanazimvepo, chifukwa anachoka kwathu ali ndi zaka zinayi. Ndinachita kumufotokozera mmene timachitira ndi agalu panjira, ndiponso chifukwa chake amathawa. Pofotokozapo ndinadzimva ndekha mmene zikumvekera. Anandiyang'ana, kenako anandifunsa funso limodzi, ndipo analifunsa m'Chichewa chake chothyokathyoka.

"Amayi, munakwiya?"

Ndinadziwa kuti ndikati inde, andichepetsera mlandu. Mkwiyo amaumvetsa, nayenso ali nawo.

"Ayi, mwanawe. Sindinakwiye."

"Ndiye munachita kuganiza."

"Ndinachita kuganiza."

Anaika chingwe chija pa tebulo. Sanandiyang'anenso. Anazungulira tebulo kupita kumene kunakhala bambo ake, ndipo anachita chinthu chimene tinavutika kumuphunzitsa zaka zonsezi iye n'kumati n'zachikale: anagwada kuti apepese. Maondo ake asanafike n'komwe pansi, galuyo, amene anali chigonere pafupi ndi chitseko, anadzambatuka n'kukalowa kunsi kwa tebulo. Tonse atatu tinamva zikhadabo zake zikukanda pansi. Mwanayo analira pamenepo, mutu uli pa bondo la bambo ake, iwo akumusisita pamsana ndi kunena kuti basi, basi, zatha.

Atakwera m'mwamba kukasamba kumaso, ndinatsala ndi amuna anga. Ndinayamba kupepesa, koma anandidula.

"Ndinkadziwa, Mayi. Phewa lanu lija ndinkaliona alendo akabwera. Nanenso ndinakulira komweko."

Ndinawafunsa chifukwa chake sananene, masabata atatu onse mwana akuwayang'ana ngati chigawenga.

"Sinali nkhani yanga yoti ndinene," anatero, n'kunyamuka kukatenga makiyi a galimoto.

Tsiku limenelo tinapita ku holo tonse atatu. Mwanayo ananena kuti mayi wophunzitsa uja ndimuuze ndekha, ndipo ndinamuuza, titaima pakona agalu a eni ake akudutsa. Ndinkayembekeza kuti andinyoza, mwina ndinkafuna kuti atero. Anangondimvetsera, n'kunena kuti ndachita bwino kunena, chifukwa tsopano akudziwa choti akonze. Anati mantha amalowa tsiku limodzi koma amatuluka miyezi, ndipo ntchito yaikulu iyenera kugwiridwa ndi ine amene ndinawalowetsa. Ndiyambe ndili patali, kutsidya kwa chipinda. Nditsitse phewa pang'ono chabe, ndigwetse kachidutswa ka soseji, ndichoke osamuyang'ana. Mawa chimodzimodzi. Akasiya kunjenjemera, ndiwerame mowonjezera pang'ono. Ndisamuitane, ndisamukakamize, ndisafulumire. Akathawa, ndiye kuti ndafulumira, ndibwerere pamene ndinali dzulo.

Galuyo sanapite kwa eni ena. Koma mwanayo anaika lamulo lake, monga bambo ake anaikira awo poyamba: kwa miyezi iwiri sindinaloledwe kutsala naye ndekha kuseri kwa nyumba. Ndikamachita zimene mayi uja ananena, iye ankaima pakhomo atapinda manja, kundiyang'anira. Ine, mayi wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, amene ndimaphunzitsa anamwino atsopano ku wodi, ndinkawerama pakati pa chipinda ndi kasoseji m'manja, mwana wanga akundiuza kuti ndafulumira, ndiyambirenso. Kangapo mtima unkafuna kuwira. Pamenepo ndinazindikira kuti kudziletsa, kumene timawerenga kuti ndi chipatso cha Mzimu, ndinkakufuna mwa galu wa miyezi isanu ndi itatu pamene mwa ine munalibe. Iye ankalephera kudikira masekondi asanu kuti mlendo akhale pansi. Ine ndinalephera kudikira miyezi itatu kuti ntchito ya mwana wanga ibale.

Amayi a mapemphero aja ndinawauzanso, itafikanso nthawi yanga yolandira. Ena sanaone vuto, anati galu ndi galu. Mayi wa ku Thyolo uja anati za galuzo sakudziwa, koma za masabata atatu a bambowo ndiye ndilape ndithu. Mayi wa ku Zambia anadandaula kuti mwina ndi mawu ake amene anayambitsa. Ndinamuuza kuti iye anangoseka, wotola ndinali ine.

Lero galuyo ali ndi zaka ziwiri. Belu likalira amathamangira pa kansalu kake pafupi ndi masitepe, n'kukhala pamenepo thupi lonse likugwedezeka, kudikira kuti mlendo amupatse moni. Zimenezo ndi ntchito ya mwana wathu, ine ndilibepo gawo. Bambo ake amamutenganso mwanayo pa galimoto Loweruka, ndipo ndawapezapo kawiri akumukanda galuyo kuseri kwa khutu poganiza kuti palibe akuwaona. Mwanayo akawerama, galuyo sathawanso. Ine ndikagwada m'mawa, amadzuka n'kukaima pakhomo la chipinda. Sathawa, komanso sabwera. Amangoima pamenepo mpaka nditati ameni.

Mwana wanga anandiuza kuti anandikhululukira, ndipo ndikukhulupirira kuti ananena zoona. Timaseka, timaphika limodzi, amandiuza za anzake. Koma akabwera kuchokera kusukulu tsiku limene ndaswera ndekha ndi galuyo, amandifunsa kuti waswera bwanji, ndipo pamene ndikuyankha maso ake sakhala pa ine. Amakhala pa galuyo, kuona mmene makutu ake alili. Sindimuimba mlandu. Ndimayankha, n'kudikira kuti amalize kuyang'ana.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, Ambuye akudalitseni ndi kukusungani m'dziko lililonse limene muli. Akupatseni mtima wotha kudikira chimene chikukula pang'onopang'ono, ndipo mukalakwa, akumasuleni lilime tsiku lomwelo, wina asanasenze katundu wanu. Mtendere wake ukhale m'nyumba zanu, pa ana anu, pa okondedwa anu, ndi pa chamoyo chilichonse chimene anakuikizani. Ameni.